Gofu m'Zambia: Ndani Adzatsata a Muthiya ku Winged Foot?

LUSAKA – Bungwe la USGA, limene limayendetsa masewera a gofu ku America, linalengeza mu 2023 kuti mpikisano wa US Open udzabwerera pa bwalo la Winged Foot, pafupi ndi mzinda wa New York, m'caka ca 2028. Kwa anthu ambiri m'dziko muno imeneyi ndi nkhani ya kutsidya kwa nyanja. Koma okonda gofu ku Lusaka, Kitwe ndi Ndola amalidziwa bwino dzina la bwaloli, pakuti ndi pomwepo pamene a Madalitso Muthiya anasewera mu Juni 2006, nakhala Mzambia woyamba, ndiponso munthu wakuda woyamba wocokera mu Africa, kulowa mumpikisano umenewu.

A Muthiya anali ndi zaka 23. Anasewera masiku awiri oyamba, ndipo pamene ciwerengero ca osewera cinadulidwa pakati pa mpikisano, iwo anatsala kunja. Panalibe ca manyazi pamenepo. A Tiger Woods nawonso analongedza katundu tsiku lomwelo, koyamba pa mipikisano inayi ikuluikulu ya dziko lapansi cilowereni m'gulu la akatswiri olipidwa. Bwalolo linali lowawa kwambiri kotero kuti amene anatenga cikho, a Geoff Ogilvy a ku Australia, anamenya mpira ka 285 m'masiku anayi, kupitirira ndi kasanu muyeso wa bwalo umene umachedwa par.

Nthawi imeneyo ambiri anayesa kuti njira yalambulidwa ndipo acinyamata ena adzatsata posacedwa. Papita zaka pafupifupi 20 tsopano, koma nkhani ya gofu ya Zambia ikafika pa mipikisano ikuluikulu, dzina limene limachulidwa likadali lomwelo. Osewera ena aluso alipo, monga a Dayne Moore ndi a Sydney Wemba, koma ndi owerengeka. Luso silinasowe pakati pa ana a dziko lino. Vuto lili m'mbiri ya mabwalo amene anawo ayenera kuphunzirirapo, ndiponso m'thumba la amene amalipirira mabwalowo.

Masewera obwera ndi mkuwa

Gofu inafika kuno ndi atsamunda. Bwalo la ku Chipata ndi la masiku a Fort Jameson, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo la ku Livingstone ndi la nthawi yomweyo. La ku Lusaka linabwera pamene likulu la dziko linasamukira kumeneko m'ma 1930.

Koma kumene masewerawa anazika mizu ndi ku migodi. Makampani a mkuwa pomanga matauni a Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya anamanganso makalabu a anchito awo, ndipo tauni iliyonse inali ndi bwalo lake la gofu. Mgodi ndiwo unali kupereka madzi, magetsi, mathirakitala ocekera udzu ndi malipiro a osamalira bwalo. Membala anali kungolipira kangacepe. Bwalo la Nchanga ku Chingola linasamalidwa bwino kotero kuti mbiri yake inamveka mpaka kunja kwa Africa. Munthu wakuda anali kulowa pa mabwalo amenewa kudzanyamula thumba la ndodo kapena kudzazula udzu, osati kudzasewera.

Ufulu utabwera mu 1964 zitseko zinatseguka. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, malemu a Kenneth Kaunda, anali wokonda gofu, ndipo anali kusewera pa bwalo la ku State House. Zimenezi zinakopa nduna, akuluakulu a makampani a boma ndi a zamalonda. Khungu la osewera linasintha, koma gofu inakhalabe ya mabwana, ndipo ku makomboni sinafike.

Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975. Ngakhale zinali conco, migodi, ndipo kuyambira 1982 kampani ya ZCCM, inapitiriza kusenza masewera a ku Copperbelt, kuphatikizapo matimu a mpira wa miyendo monga Nkana, Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers. Pamene kugulitsa migodi kunatha mu 2000, eni ake atsopano anabwera kudzakumba miyala, ndipo kusamalira makalabu kunakhala cinthu cimene kampani ingacite ikafuna kapena kusiya. Mpira wa miyendo unavutika koma unapulumuka, cifukwa ana amaumenya ngakhale pa fumbi. Bwalo la gofu likasowa madzi cilimwe cimodzi cokha limasanduka chire, ndipo kulibwezera mwakale kumatenga zaka.

Cikho ca alendo

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Zambia inali malo odziwika pa mapu a gofu. Ku Ulaya kukazizira, akatswiri a ku Britain ndi Ireland anali kutsikira kuno pa ulendo wa mipikisano umene unali kuchedwa Safari Circuit. Anali kusewera ku Nigeria, Ivory Coast ndi Kenya, ndipo kuno anali ndi Zambia Open, Mufulira Open ndi Cock o' the North ya ku Ndola. Ena mwa amene anapambana Zambia Open anadzakhala anthu akuluakulu m'masewerawa. A Sam Torrance, amene anapambana mu 1975, anadzatsogolera timu ya Ulaya pa Ryder Cup mu 2002. A Pete Cowen, a mu 1976, anadzachuka monga mphunzitsi wa akatswiri. A Ian Woosnam a ku Wales anatenga cikhoci mu 1985, ndipo patapita zaka zisanu ndi cimodzi anapambana Masters ku Augusta nakhala wosewera woyamba pa dziko lonse.

Ulendowu unazilala pamene mipikisano ya ku Ulaya inapeza malo ena ofunda okhala ndi ndalama zambiri. Wa ku Dubai unayamba mu 1989. Kucokera m'ma 1990, Zambia Open yakhala kwenikweni pansi pa Sunshine Tour, bungwe la akatswiri la ku South Africa, ndipo yakhala ikusintha dzina malinga ndi kampani imene yatulutsa ndalama. Kampani ya Mopani yaucititsa kangapo pa bwalo la Nkana ku Kitwe. Zaka zina mpikisanowu sunacitike konse, monga mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19.

Pamndandanda wa opambana kuyambira 1972 kufika 2019 pali anthu a ku Britain, Ireland, South Africa, Zimbabwe, Sweden ndi Brazil. A Adilson da Silva a ku Brazil, amene anapambana mu 2010, ndiwo anamenya mpira woyamba pamene gofu inabwerera ku masewera a Olympics ku Rio mu 2016. Dzina la Mzambia palibe. A Muthiya eni ake anapambana mpikisano wa Sunshine Tour mu 2016, koma kunali ku Wild Coast ku South Africa, ndipo mu 2019 anatenga Uganda Open.

Sikuti alendowo ali ndi mankhwala. Wosewera wa ku Pretoria amafika ku Kitwe atasewera kale mipikisano yambiri m'miyezi yapitayo, pamene wa kuno angakhale atatha miyezi osasewerapo mpikisano wa masiku anayi umene uli ndi ndalama patsogolo. Kumenya mpira bwino pa Ciweru masana ndi anzako ndi nkhani ina. Kuumenya bwino pa dzenje la 72, manja akunjenjemera, anthu atazinga bwalo, munthu amakuphunzira pokhapokha atakumana nako kawirikawiri.

Bwalo limaumba wosewera

Pali cinanso cimene sicikambidwa kwambiri, ndico kamenyedwe kamene mabwalo a kuno amaphunzitsa. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo Copperbelt siitsika kwenikweni kuposa pamenepo. Mpweya wa pamalo okwera ndi wopepuka, motero mpira umauluka patali kuposa mmene ungaulukire ku Durban kapena ku New York. Wosewera wa kuno akatsikira kugombe amapeza kuti ndodo imene anazolowera kufika nayo pa dzenje ikuperewera, ndipo ayenera kuwerenganso mitunda ya ndodo zake zonse.

M'cilimwe, kuyambira Juni kufika Okutobala, nthaka imauma gwa. Mpira ukagwa umadumpha ndi kugubuduka mamita ambiri. Mwana wokulira pa bwalo lotero amaphunzira kumenya motsika, kuti mpira ugwe usanafike pa girini, kabwalo ka udzu wosalala kamene kali ndi dzenje, ndi kukwera wokha. Limeneli ndi luso lenileni, ndipo pa mabwalo a mphepo a m'mbali mwa nyanja ku Scotland limathandiza. Koma pa bwalo monga Winged Foot girini ndi yokwera, yozingidwa ndi maenje akuya a mcenga ndi udzu wautali wothithikana. Njira ya pansi ndi yopapatiza. Mpira uyenera kubwera kucokera m'mwamba, ukuzungulira cobwerera m'mbuyo, kuti ukagwa uime pomwepo. Kuti munthu aphunzire zimenezi afunika udzu wofewa womenyerapo, mipira yabwino, ndi ndodo zimene mizere yake ya kumaso sinathe.

Pa girini ndi pamene kusiyana kumaonekera kwambiri. Muyeso wa par umapatsa wosewera mipata iwiri yogubuduza mpira pa dzenje lililonse, kutanthauza kuti pa maenje 18 pafupifupi theka la masewera limathera pamenepo. Girini ya mpikisano waukulu imametedwa kufika mamilimita atatu kapena kucepera, imatsenderedwa ndi makina, ndipo mpira umathamanga ngati uli pa simenti. Girini ya kalabu yosauka ili ndi udzu wautali, kawirikawiri wa mtundu wa kapinga, umene umakoka mpira kumbali imene wagonera. Wophunzirira pamenepo amazolowera kugunda mpira mwamphamvu. Akafika pa girini yothamanga, dzanja lomwelo limautumiza mamita awiri kupitirira dzenje. Kulakwa kotero kawiri patsiku ndi kokwanira kumubweza munthu kunyumba mpikisano uli pakati.

Ndipo masewerawo sanaime kudikira Zambia. US Open itacitikanso ku Winged Foot mu 2020, a Bryson DeChambeau ndiwo okha anatsiriza pansi pa par. Anacita zimenezi pomenya mpira patali kwambiri, osasamala ngakhale utagwera mu udzu wautali, cifukwa anali ndi mphamvu zoutulutsa mmenemo. Akatswiri a masiku ano amanyamula zitsulo, ali ndi aphunzitsi a thupi, ndipo amayeza liwiro la ndodo ndi kazunguliridwe ka mpira pa makina monga TrackMan, amene mtengo wake ndi madola zikwi zambiri. Mnyamata wa ku Chingola amayeza ndi maso.

Wotsala kunja salandira kanthu

Omvera ambiri amene anazolowera mpira wa miyendo sadziwa kuti katswiri wa gofu alibe malipiro a pamwezi. Mpikisano waukulu uli ndi maenje 72, masiku anayi. Pakatha masiku awiri, oposa theka la osewera amacotsedwa, ndipo pa mipikisano yambiri ocotsedwawo salandira ngakhale ngwee imodzi. Koma tikiti ya ndeke yopita ku Johannesburg, galimoto, malo ogona, cakudya ndi malipiro a womunyamulira thumba, zonse walipira kale yekha. Lamulo limalola ndodo 14 m'thumba, ndipo ndodozo, mipira ndi nsapato zimacokera kunja, pa mtengo wa madola. Kwacha ikagwa, gofu imakwera mtengo tsiku lomwelo.

Wosewera amene ali ndi kampani kumbuyo kwake angatsale kunja katatu motsatizana nabwereranso kacinayi. Amene anakongola ndalama za ulendo kwa abale amasewera ndi mantha, ndipo mantha amaoneka m'kamenyedwe. Amathawa mbendera, amalunjika pakati pa girini, amagwira ndodo mothina. Cimene amafuna ndi kupulumuka tsiku laciwiri, ndipo za cikho saziganiza n'komwe.

Ndalama m'gofu ya dziko lapansi zilipo zoopsa, koma zimathera pamwamba. Pamene mipikisano ya LIV Golf inayamba mu Juni 2022 ndi cuma ca ku Saudi Arabia, a Charl Schwartzel a ku South Africa analandira madola 4 miliyoni atasewera masiku atatu pa bwalo la Centurion pafupi ndi London. Mkangano umene unatsatira pakati pa LIV ndi PGA Tour ya ku America unali wa osewera amene ndi olemera kale. Kwa wosewera wa ku Ndola sunasinthe mtengo wa tikiti.

Njira imene a Muthiya anadzera imaonetsa bwino kumene kwabooka. Ali mnyamata, luso lawo linafika m'makutu a mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, malemu a Frederick Chiluba, ndipo thandizo linapezeka lakuti akasewere ku America. Kumeneko anapeza malo pa University of New Mexico, kumene anaphunzira ndi kusewera mipikisano ya masukulu akuluakulu kwa zaka zingapo asanalowe m'gulu la olipidwa. Ndi nkhani yokondweretsa, koma dziko silingayembekezere kuti mwana aliyense waluso adzaonedwa ndi State House.

Anyamata onyamula matumba

Ana amene amathera nthawi yambiri pa mabwalo a gofu m'dziko muno si a mamembala. Ndi onyamula matumba, amene pa kalabu amachedwa ma caddie. Amayenda maenje 18 tsiku ndi tsiku, amadziwa kumene girini iliyonse yapendekera, ndipo ambiri amamenya mpira bwino kuposa mabwana amene amawanyamulira. Mwambo wa makalabu ambiri ndi wowalola kusewera tsiku limodzi pa mlungu, kawirikawiri Lolemba, ndi ndodo zobwereka.

Mbiri ya gofu ili ndi anthu amene anacokera kumeneku. A Papwa Sewgolum a ku Durban, amene anali kugwira ndodo mosemphanitsa manja, anapambana Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964, ngakhale kwawo malamulo a tsankho anawakaniza kulowa m'nyumba ya kalabu kukalandira mphoto. A Vincent Tshabalala a ku Alexandra anatenga French Open mu 1976. A Ángel Cabrera a ku Argentina, amene anayamba kunyamula matumba ali mwana, anapambana US Open mu 2007, caka cimodzi cokha a Muthiya atasewera.

Cotsekereza caddie wa kuno si malamulo a tsankho ayi, koma mapepala ndi ndalama. Kuti munthu alowe mipikisano ya osalipidwa imene timu ya dziko imasankhidwiramo, afunika muyeso wake wovomerezeka, wochedwa handicap, umene umadzera ku kalabu yolembetsedwa ku bungwe la Zambia Golf Union. Wopanda umembala amakhala kunja kwa mndandanda, ngakhale atakhala waluso cotani. Apa ndi pamene makalabu angacitepo kanthu popanda kudikira boma, pakuti kulemba mnyamata wa zaka 14 kukhala membala wamng'ono sikuonjezera madzi othirira bwalo.

Makampani nawo ali ndi mbali yawo. Mabanki, makampani a inshuwaransi ndi a mafoni amacititsa masiku a gofu a makasitomala awo, okhala ndi mahema, zakumwa ndi mphatso. Palibe colakwika pamenepo. Koma gawo locepa la ndalama zimenezo lingakwanitse mipikisano ing'onoing'ono ya mwezi ndi mwezi ya akatswiri a kuno, imene ingawanole kuposa mpikisano umodzi waukulu pacaka umene mphoto yake imakwera ndeke kupita kum'mwera. Kuti wosewera wakuda wa m'dera lino angagonjetse a Sunshine Tour zinaoneka mu 2023, pamene a Robson Chinhoi a ku Zimbabwe anapambana Zanaco Masters pa bwalo la Lusaka Golf Club. Zimbabwe ili ndi mavuto ake a zacuma, koma kwa zaka zambiri yakhala ndi mipikisano ya ana, ndipo ndiko kunacokera a Nick Price, amene anapambana mipikisano itatu ikuluikulu pakati pa 1992 ndi 1994.

Madzi ndi malo

Pali funso limene okonda gofu sakonda kulimva, koma ndi loyenera. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo m'miyezi yotsatira magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, nthawi zina pafupifupi tsiku lonse. Mai amene anaima pamzere ndi cigubu m'komboni ali ndi ufulu wofunsa cifukwa cake udzu wa anthu ocepa uyenera kuthiriridwa. Bwalo la maenje 18 limatenga mahekitala oposa 40, ndipo ena mwa mabwalo akale, amene anamangidwa kumapeto kwa tauni, lero ali pakati peni peni, pamene omanga masitolo ndi nyumba zosanjikizana amapayang'ana ndi diso la njala.

Mayankho alipo. Mabwalowa amasunga mitengo ndi malo otseguka amene matauni akutaya, amalola madzi a mvula kulowa pansi mumzinda monga Lusaka umene umadalira kwambiri zitsime zobooledwa, ndipo amapereka nchito. M'cilala kalabu ingathirire magirini okha ndi kusiya kwina kuume, monga mmene makalabu ang'onoang'ono akhala akucitira. Koma mayankho amenewa amamveka kwa anthu pokhapokha ngati ana awo amalowa pa cipata. Kalabu imene anansi ake amangoiona pa mpanda idzasowa woiyankhulira tsiku limene khonsolo idzakambirana za malo ake. Motero kutsegulira ana a m'komboni kungapulumutse kalabu yomweyo, kuonjezera pa kupezera dziko katswiri.

US Open imalandira osewera 156, ndipo gawo lalikulu la malowo limapezedwa kudzera m'mipikisano yosankhira imene katswiri aliyense wolipidwa angalembetse. Ndi mmene a Muthiya analowera mu 2006. Gawo lomaliza la kusankhako ndi la maenje 36 tsiku limodzi, ndipo limacitikira kwambiri ku America. Kwa wocokera kuno, malo apafupi akhala bwalo la Walton Heath ku England, kumene a Michael Campbell a ku New Zealand anadzera mu 2005 asanakapambane mpikisano wonse. Mzambia amene akufuna kukaima pa Winged Foot mu 2028 ayenera kukhala kuti akusewera kale lero pa Nkana, Chainama kapena Ndola, ndipo asanamenye mpira woyamba wa kusankhako adzafunika viza, tikiti ya ndeke ndi munthu womulipirira zonse ziwiri.